Kuchoka ku Thyolo Kupita ku Lilongwe pa Ndege: Nthawi Imathera Kuti?

Bwana wa pa esiteti ya tiyi ngati Satemwa, Makandi kapena Conforzi akaitanidwa kumsonkhano ku Lilongwe, anzake amamuuza kuti akwere ndege, ndi mphindi 40 basi. Sanama, koma awerenga za mumlengalenga zokha.

Mtunda wake

Kuchoka pabwalo la ndege la Chileka ku Blantyre kukafika pabwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, ndege imawongola mtunda wa makilomita pafupifupi 250. Msewu wa Zalewa, wodzera ku Ntcheu ndi Dedza, umapitirira makilomita 300 chifukwa umakhotakhota kutsata mapiri ndi mitsinje.

Bwanji mphindi 40 pa mtunda waufupi chotere?

Ndege ya mapulopela ya Q400, imene Malawi Airlines imagwiritsa ntchito, imatha kuthamanga makilomita opitirira 600 pa ola. Ikanathamanga choncho njira yonse, ikanafika mphindi 25 zisanakwane. Koma imayamba yayenda pang'onopang'ono pansi, kudikira chilolezo, kunyamuka, kukwera. Ikangofika pamwamba, woyendetsa amayamba kale kukonzekera kutsika. Ogwira ntchito m'ndegemo amagawa zakumwa mothamanga, munthu asanamalize kapu yake akubwera kale kudzatolera.

Mbali ya pansi, imene imadya nthawi

Apa ndiye pagona nkhani kwa wa ku Thyolo. Kuchoka pa boma kukafika ku Limbe ndi makilomita pafupifupi 40 pamsewu wa M2, wodzera pa Bvumbwe ndi Chigumula. Pa Bvumbwe galimoto imakwawa pakati pa maminibasi, njinga zamoto za kabaza ndi amayi ogulitsa kabichi ndi tomato m'mphepete mwa msewu. M'miyezi ya June ndi July, chiperoni chikakuta minda ya tiyi m'mawa, dalaivala saona kutali ndipo amayenda nyali zili zoyatsa. Ndiye ku Limbe kuli mzere wa magalimoto, msewu wa Chipembere nawonso wadzaza, kenako Chirimba ndi Kameza. Chileka ili makilomita pafupifupi 16 kumpoto kwa Blantyre. Wanzeru amapatula ola limodzi ndi theka, ngati esiteti yake siili mkati kwambiri.

Pabwalo munthu amayenera kufika ola lathunthu ndege isananyamuke. Akatera ku Lumbadzi adikire chikwama, kenako ayende makilomita ena pafupifupi 25 kuti alowe mumzinda. Zonse pamodzi zimakwana maola anayi kapena kuposerapo. Pagalimoto yake akanatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Kusiyana kulipo, koma poyerekeza ndi mtengo wa tikiti, ine ndimaona kuti ndi kochepa, pokhapokha munthuyo akukakwera ndege ina ku Lumbadzi komweko.

Ulendo wa ku Joni

Apa ndege ilibe mnzake. Kuchoka ku Chileka kupita ku OR Tambo ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imatenga maola awiri ndi mphindi zochepa. Wokwera basi amadzera ku Mwanza, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare, n'kukaima pamzere pa Beitbridge. Tsiku lathunthu limatha ali panjira, ndipo pachipata pakadzaza anthu amagonanso usiku wachiwiri m'basi.