Tikiti ya Lotale

Lotale ndi masewera a mwayi. Kuno ku Mozambique, Sojogo imayendetsa Totoloto ndi Totobola. Ofesi ya boma, Inspecção Geral de Jogos, imayang'anira kuti pasakhale chinyengo.

Mwayi ulibe mbale. Wa ku Massangulo ndi wa ku Maputo n'chimodzimodzi. Posankha manambala 6 mwa 49, njira zilipo 13,983,816, koma yopata mphotho yaikulu ndi imodzi yokha. Tsono tisagulitse chimanga cha banja pofuna tikiti.

Wogulitsa apereke tikiti kwa wolipira aliyense. Asawonjeze mtengo. Asagulitse kwa ana. Ogulafe tisamunamizire tikaluza.

Tisunge tikiti, pakuti ndiyo mboni yathu. Manambala akatuluka, tiwerenge tokha. Wosadziwa kuwerenga angauzidwe kuti waluza, chonsecho wapambana.

Tiyeni tiphunzire manambala!