Sizasi ya pa Zenera la Mankhwala

M'zipatala zazing'ono za m'boma la Lundazi, munthu wogawa mankhwala sasiyana ndi sizasi. Mvula ikakhazikika, udzudzu utaswana, pakhonde patadzaza amayi obereka ana otentha thupi kuti juu, mudzamuona akutenga paketi ya Coartem, mankhwala a malungo, ya munthu wamkulu n'kuidula panayi. Mnyamata wina amene ndinamuonerera pa kachipatala kena amayendetsa sizasiyo pakati pa mizere mosamala, kuopa kuboola kanyumba ka piritsi, pakuti likangolowedwa ndi chinyezi lawonongeka. Paketi imodzi inakwanira ana anayi. Luso limeneli amaliphunzirira pa zenera pomwepo.

Zambia inasankha mankhwalawa mu 2002, chloroquine atayamba kulephera, ndipo inali m'gulu la mayiko oyamba mu Africa kutero. Piritsi lililonse lachikasu lili ndi 20 mg ya artemether ndi 120 mg ya lumefantrine. Mlingo umayendera sikelo: mwana wa makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa limodzi nthawi iliyonse, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu, ndipo kuyambira 35 ndi anayi. Onse amamwa kasanu n'kamodzi pa masiku atatu. N'chifukwa chake mapaketi amabwera a mitundu inayi: a mapiritsi 6, 12, 18 ndi 24. Koma galimoto ya ZAMMSA, bungwe limene kale linkatchedwa Medical Stores Limited, ikatha ulendo wa makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Chipata, imatsitsa zimene yanyamula. Mapaketi a ana, amene malungo amawakonda kwambiri, akatha, wogawa mankhwala amayang'ana pa shelefu n'kuona a akuluakulu okhaokha. Nthawi zina zimatembenuka: bambo wandevu zake amapita kunyumba ndi timapaketi tinayi ta makanda.

Ogwira ntchitoyi ndi osiyanasiyana. Pachipatala chachikulu cha pa boma mumapeza amene anaphunzira za mankhwala ku University of Zambia kapena ku Evelyn Hone College ku Lusaka. Kumidzi, zenera limagwera namwino yemweyo amene wachezera usiku wonse ku chipinda cha amayi oyembekezera, kapena wothandiza za umoyo wa m'mudzi. Wochokera kutali amayamba waphunzira Chitumbuka, apo ayi agogo amangovomera ndi mutu n'kukamwa onse tsiku limodzi.

Sizasi ija ili ndi mlandu wake. Paketi yathunthu imakhala ndi zithunzi zoonetsa a m'mawa ndi a usiku, komanso tsiku limene mankhwala athere mphamvu. Ukadula, zonsezo zimatsala pa chidutswa china, ndiye zimene chithunzi chikananena uyenera kuzinena ndi pakamwa. Mawu a pa zenerali ndi amodzimodzi tsiku lonse: "Amayi, mwanayu mwamukweza pa sikelo? M'mwetseni loyambali pompano ndikuona." Vuto lili pa lachiwiri, limene liyenera kumwedwa pakatha maola 8. Munthu amene foni yake inazima dzana simungamuuze za maola. Amene aizolowera ntchito amayang'ana dzuwa: ngati lili paliwombo, lachiwirilo ndi la pokagona, nsima ya madzulo itadyedwa. Masiku awiri otsatirawo ndi m'mawa ndi madzulo basi.

Kenako pamabwera nkhani ya mafuta. Lumefantrine salowa bwino m'thupi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta. Kuuza mayi wa kumudzi kuti akagule mkaka wa m'sitolo ndi kumuseka. Mwayi wake, Lundazi ndi kwawo kwa mtedza, ndiye wogawa mankhwala wanzeru amangoti phala likhale la nsinjiro, ndipo khanda liyamwe likangomeza. Mwana akasanza theka la ola lisanathe, am'bwereze. Apa mayi watcheru amafunsa kuti piritsi lobwerezalo lichokera kuti, popeza wapatsidwa 6 okha. Yankho lake ndi kudulanso paketi ina.

Ogawa mankhwalawa amasunga m'mutu zambiri. Amadziwa kuti wakumwa ma ARV a dolutegravir akayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin amafunika piritsi lina la 50 mg pakatha maola 12, kuti mayi woyembekezera asamezere pamodzi dolutegravir ndi mapiritsi owonjezera magazi m'mimba mulibe chakudya, ndiponso kuti oxytocin amafuna firiji. Koma mukacheza nawo, chimene chimawasowetsa tulo ndi kadi.

Mtundu uliwonse wa paketi uli ndi kadi yake m'chipinda chosungira mankhwala: zalowa zingati, zatuluka zingati, zatsala zingati. Kumapeto kwa mwezi manambalawo amatumizidwa, ndipo ndi amene amalamula katundu wobwera. Tsono taonani. Mwezi umene mapaketi a ana kunalibe, kadi yawo imaonetsa kuti sanatuluke, pamene ya akuluakulu imaonetsa kuti atuluka ambiri. Wowerenga ali ku ofesi akapanda kusamala amaganiza kuti kuderali akudwala ndi akuluakulu, n'kutumizanso a 24. Ogawa mankhwala ena amalemba m'kope lapadera paketi iliyonse imene adula. Ena, mzere utafika kumsewu, amati alemba madzulo, n'kuiwala.

Kale kusiyana kwa manambala kotere kunkatha ndi kukalipiridwa. Masiku ano n'koopsa. Mu Meyi 2025, kazembe wa America ku Lusaka, a Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lawo lidula thandizo la mankhwala la madola 50 miliyoni pa chaka chifukwa mankhwala aulere ankabedwa n'kumagulitsidwa m'masitolo. Kubako kunalipodi, ndipo sinditeteza aliyense. Koma chichokereni apo, wodwala akauzidwa kuti mankhwala atha, akagule, amamuyang'ana wa pa zenera ndi diso lina. Oyendera akapeza kuti m'kaundula muli akuluakulu ochepa koma mapaketi awo atha, woyamba kufunsidwa ndi mwini sizasi. Kazembe yemweyo anadandaula kuti ogwidwa ambiri anali anthu ang'onoang'ono.

Ine ndimaona kuti wodula paketi amachita bwino, chifukwa kubweza mwana wa malungo mankhwala ali pa shelefu ndi nkhanza. Cholakwika n'chakuti amasenza yekha zotsatira zake. Ogawa mankhwala akupempha zinthu zosavuta: malo olembapo paketi yodulidwa amene oyendera angawavomereze, ndi makatoni a mapiritsi 6 ndi 12 okwanira, ofika mu Novembala misewu ya kumidzi isanadulidwe ndi madzi.