Kuukitsa Peugeot 404: mlimi ayambe wawerenga ndalama

CHIPATA — Kuseri kwa nyumba zina m'midzi ya kuno ku Chipata, ku Katete ndi ku Chadiza kuli magalimoto amene akhala pa njerwa zaka zambiri, nkhuku zikuikira mazira pa mipando yake. Ena mwa magalimotowa sanafe ndi ngozi ai. Eni ake anamasula injini pofuna kuionjezera mphamvu, ndipo ndalama zinatha nchito ikali pakati.

Galimoto imene akulu-akulu aikumbukira koposa ndi Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa ku France m'caka ca 1960. Vaneti yake inanyamula cimanga ndi thonje m'masiku a Namboard, ndipo ku Kenya anapitiriza kuipanga kufikira 1991. Inachuka ndi pa mpikisano pomwe. Inapambana East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. M'caka ca 1963 magalimoto 84 ananyamuka, koma 7 okha ndiwo anafika kumathero, ndipo patsogolo pa onse panali 404 yoyendetsedwa ndi Nick Nowicki.

Mnyamata amene walandira galimoto yotere ngati colowa ca atate ake, akamva mbiri imeneyi, afuna kuti nayo yake iziuluka. Ayenera kudziwa kuti injini ya 404 ndi ya 1,618 cc cabe, ndipo yoyambirira inali ndi mphamvu za akavalo 72. Akampani anaikweza kufika pa 85 poikamo pampu yopopera petulo ya Kugelfischer m'malo mwa kabyuleta, pampu imene amakaniko oidziwa ngosowa. Cimene cinapambanitsa 404 m'matope a ku Kenya cinali kulimba kwake.

Cotero nchito yoyamba ndiyo kubwezera injini mphamvu imene inataya ndi ukalamba. Makaniko apime kompuresheni ya masilinda onse anai injini isanamasulidwe. Utsi wobiriwira ku ekizozi utanthauza kuti oilo akupsa pamodzi ndi petulo. Mwai wa 404 ngwakuti mapaipi a m'masilinda ake amacoka, ndipo agulidwa pamodzi ndi mapisitoni ndi maring'i, kotero kuti sipafunika kuboola buloko. Kulankishafuti ikapezeka yodyeka, ndiyo iyenera kupita kwa a makina opala zitsulo, ndipo mabeyaring'i agulidwe pambuyo pake, muyeso watsopano utadziwika. Wogula mabeyaring'i poyamba kawiri-kawiri awagula kawiri.

Cotsatira ndi madzi ndi mabuleki. Mutu wa injini imeneyi ndi wa aluminiyamu, ndipo ukatentha kwambiri upindika. Amene anakwerapo mapiri a pafupi ndi ulalo wa Luangwa m'mwezi wa October, vaneti itadzaza matumba, adziwa cimene ladiyeta yotsekeka icita. Potsika mapiri omwewo mpamene munthu akumbukira mabuleki. Kuonjezera liwiro pa galimoto yosaima bwino nkuika pangozi banja ndi okwera matola, ndiponso ana ndi a njinga amene adzaza m'mbali mwa mseu wa Great East.

Zimenezi zikatha mpamene mwini galimoto angaganize zoonjezera mphamvu. Chipata ili pamwamba mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, kumene mpweya ucepako, ndipo injini yopanda tebo itaya pafupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake. Kucuna bwino kabyuleta ndi nthawi ya moto, pamodzi ndi mapulagi atsopano ndi sefa yoyera, kuthandiza kwambiri pa mtengo wocepa. Kabyuleta ya makamwa awiri ndi ekizozi yotakata zionjezeradi mphamvu, koma nazo zionjezera ludzu la petulo pa ulendo uliwonse. Kupala mutu wa injini kukweza kompuresheni. Kukapitirira muyeso, injini iyamba kugogoda ndi kuononga mapisitoni atsopano aja.

Zonsezi zilembedwe pa pepala, ciliconse ndi mtengo wake wofunsidwa m'masitolo awiri kapena atatu. Palembedwe masipeya, malipiro a makaniko, oilo ndi magasiketi. Ambiri aiwala mtengo wa ulendo: sipeya ikasowa ku Down Shops, ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita pafupi 570, ndipo wokagula ku Lilongwe akumbukire msonkho wa pa Mwami. Pamwamba pa zonse pakhale ndalama yapadera, monga kwaca imodzi pa makwaca asanu aliwonse, cifukwa injini ikatsegulidwa ionetsa matenda amene sanali kuoneka kunja. Ngati aikamo injini ina, nambala yake ikalembetsedwe ku RTSA, ndipo a inshuwalansi auzidwe.

Ndalama ya mlimi ibwera kamodzi pa caka, mbeu zikagulitsidwa. Feteleza, mbeu yobzala ndi zofunika za ana kusukulu ziyambe zapatulidwa, mai wa pakhomo ali pomwepo. Yotsalayo ikapanda kukwana, nchito igawidwe: mabuleki ndi ladiyeta caka cino, galimoto ikali kuyenda ndi kubweretsa ndalama, injini caka camawa masipeya onse atafika m'nyumba. Injini yomangidwa catsopano iyendetsedwe mofatsa makilomita 1,000 oyamba, yosasenzetsedwa katundu wolemera, kenaka oilo atayidwe ndi kuthira wina.