Maumbidwe a Citsulo Comangira

Madzulo ano tikamba za zitsulo zomangira nyumba. Munthu akapita kukagula citsulo amayamba wacinyamula kuti amve kulemera kwace, ndipo cikalemera mtima wace ukhala pansi. Muyeso umenewo ngwonyenga. Zitsulo ziwiri zingathe kulemera cimodzimodzi, koma cina cisenza denga zaka makumi asanu, cinzace ciwerama tsiku lomwelo. Cozisiyanitsa ndico maumbidwe ace, ndiko kunena malo amene osula anaika mnofu wa citsuloco.

Tengani thabwa, muligoneke pa njerwa ziwiri, nimuponde pakati. Liwerama. Tsono liimikeni pa mphepete pace, mupondenso. Silitekeseka, cinkana thabwa ndi lomwelo. Cifukwa cace n'cakuti mtanda ukasenza katundu, mbali yace ya pamwamba ipsinjika, ya pansi ikokeka, koma mnofu wa pakati peni-peni ugwira nchito pang'ono cabe. Mnofu wokhala kutali ndi pakati ndiwo usenza. Thabwa lozama kawiri kuposa linzace lisenza katundu kanai, ndipo pa katundu mmodzimodzi kuwerama kwace kucepa kasanu ndi katatu.

Nzeru imeneyi ndiyo inabala citsulo cooneka ngati lemba la I. Osula anacotsa mnofu waulesi wa pakati, nausanjika pamwamba ndi pansi monga mapiko awiri, nasiya kacipupa kopyapyala kowagwirizanitsa. Pa mtanda wopingasa, wosenza denga kapena nyumba ya pamwamba, citsulo cimeneci ndico coyamba kuciganizira. Kogulitsa mudzaona manambala atatu, monga 203 x 133 x 25. Yoyamba inena kuzama m'mamilimita, yaciwiri kufutukuka kwa mapiko, yacitatu makilogalamu a mita imodzi. Amisiri ali ndi muyeso wongoyambirapo, wakuti kuzama kwa mtanda kukhale ngati gawo limodzi la magawo 20 a danga limene udumpha. Danga la mamita 6 lifuna mtanda wa mamilimita ngati 300. Ndati wongoyambirapo, pakuti mau otsiriza ali ndi injiniya amene awerenga katundu yense.

Koma citsulo ca I ciri ndi mphamvu ku mbali imodzi yokha. Mtanda uja wa 203 x 133 mukaugoneka cam'mbali uwerama koposa kasanu ndi kawiri. Ndipo ngakhale utaima bwino, phiko la pamwamba likapsinjika kwambiri lifuna kuthawira kumbali, mtanda wonse nupotoka. Cotero tizitsulo tating'ono timene tigwira mtanda m'nthiti si tokometsera ai. Munthu wotimasula kuti apeze malo opacikira thanki kapena nyali alikucotsa comwe cigwira denga.

Nsanamira iri ndi mdani wina. Siwerama ndi katundu wopingasa, koma ikhota monga bango mukalitsamira pamwamba, ndipo ikhotera kumene iri yofoka. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anasonyeza m'caka ca 1744 kuti nsanamira yoonda ikatalika kawiri, katundu amene ingasenze acepa kanai. Pa nchito iyi asula citsulo ca H, ca mapiko ofutukuka molingana ndi kuzama kwace, monga 203 x 203 x 46, kuti mbali yofoka isafoke kwambiri. Coposa conse pa kukana kukhota ndi kupotoka ndico citsulo ca mphako, cobulungira kapena ca ngodya zinai. Nsungwi inadziwa zimenezi kale ife tisanaphunzire kusula. Komabe citsulo ca mphako ciri ndi mabvuto ace: mabauti sagwira bwino popanda kuocherera mbale ya citsulo, ndipo madzi akalowa m'kati dzimbiri lidya mobisika kumene burashi ya penti sifika. Nsonga zace zitsekedwe ndithu.

Citsulo ca ngodya, cimene onse amacicha angle iron, ndico cochipa ndi cosabvuta kudula ndi kuboola. Yang'anani nsanja za citsulo pamwamba pa migodi, kapena nsanja zosenza waya wa magetsi. Mudzaona zitsulo zoonda zolukidwa m'timagawo ta ngodya zitatu, ciri conse cacifupi, cogwiridwa nsonga zonse ziwiri. Cikamakokeka, angle iron ciri ndi mphamvu zodabwitsa. Cikamapsinjika ciri cacitali copanda cocigwira, ndiye tsoka.

Zotere zinacitika ku Hartford, m'dziko la America, usiku wa pa 18 January 1978. Denga la bwalo lalikulu la masewera linagwa litasenza matalala ambiri a nyengo yozizira, patangopita maora owerengeka cicokere anthu zikwi zingapo amene anadzaonera mpira wa basketball. Mwa mwai munalibe munthu m'katimo. Ofufuza anapeza kuti zitsulo za pamwamba pa dengalo zinali za ngodya, zinai-zinai zomangidwa pamodzi ngati mtanda wa pa chalichi, ndipo sizinagwiridwe mokwanira m'nthiti, cotero zinakhota. Citsulo comweco cikadaumbidwa ca mphako cikadakana kukhota koposa, pakuti pa mtanda wotere mnofu uunjikana pakati, pamene pa mphako ukhala kunja.

Ca channel, cooneka ngati ngalande, sindinena zambiri. Cigwira bwino pokhomera malata ndi m'mbali mwa makwerero. Musacigoneke cagada panja, cifukwa cisunga madzi a mvula ndi pfumbi, ndipo kufupi ndi ng'anjo zosungunulira mkuwa, kumene utsi uli ndi sulufule, dzimbiri silicedwa.

Pali funso limodzi limene anthu a ku migodi amafunsa kawiri-kawiri, la njanji zakale. Ambiri aziika pamwamba pa khomo kapena pa dzenje la cimbudzi, nati citsulo cosenza sitima singacithyole nyumba. Koma njanji inasulidwa kuti igone pa mitanda yoyandikana, yosafika ndi mita imodzi yomwe pakati pace, osati kudumpha danga lalikulu. Ndi yolemera koma yosazama, cotero mtanda wa I wolemera mofanana nayo uiposa kutali. Citsulo cace n'couma, ca kaboni wambiri, kuti cisaperepeseke ndi magudumu, ndipo citsulo cotere mukaciocherera mwa masiku onse cimang'aluka pafupi ndi msoko. Sicicenjeza mwa kuwerama pang'ono-pang'ono monga citsulo comangira, cithyoka kamodzi. Njanji yakale ikhoza kukhala mzati wa mpanda, koma pansi pa cipupa colemera kapena pa denga logona ana ikani citsulo cimene cinasulidwira nchitoyo.