BOMA NDI ANTHU ACE

Mvula ikagwa kwambiri ndi kukokolola ulalo wa pa mtsinje, ana alephera kuoloka kunka kusukulu, ndipo odwala safika kucipatala. Pamenepo anthu amati, "Boma lidzakonza." Koma akafunsidwa kuti Bomalo ndiye yani, ndi kuti lidzamva bwanji za ulalo wa kwao, ambiri angoti cete. Ulalo ungathe kukhala wogumuka zaka zitatu cifukwa ca kusadziwa kumeneku.

Liu lakuti boma kale linatanthauza linga, ndiye mpanda wolimba wocinjiriza anthu kapena ng'ombe. Azungu atafika m'dziko lino, anthu anayamba kuchula malo a ofesi ya Bwana DC kuti boma. Munthu anali kupitako kukakhoma msonkho kapena kukaweruzidwa mlandu, koma maganizo ace sanali kufunsidwa. Malamulo a Northern Rhodesia anali kupangidwa m'bwalo lochedwa Legislative Council, ndipo kufikira caka ca 1948 munalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe m'bwalomo. Aphunzitsi, makalaliki ndi alaliki sanakhutire nazo. Anapanga timabungwe m'matauni, nalemba makalata odandaula, ndipo m'timabungwe timeneto munacokera zipani zimene zinamenyera ufulu. Pa 24 October, 1964, dziko linalandira ufulu wodzilamulira, ndipo Kenneth Kaunda anakhala Pulezidenti woyamba wa Zambia.

Boma la Zambia likhala pa mafuwa atatu monga mphika. Fuwa loyamba ndi Nyumba ya Malamulo, imene iri pa Manda Hill mu Lusaka. Iyo ipanga malamulo ndi kubvomereza m'mene ndarama za dziko zidzagwirira nchito. Laciwiri ndi Pulezidenti pamodzi ndi nduna zace, amene ayendetsa masukulu, zipatala, apolisi ndi miseu. Lacitatu ndi mabwalo a milandu, amene aweruza munthu ali yense wolakwira lamulo, ngakhale akhale nduna. Dziko lagawidwa m'zigawo khumi, ndipo likulu la cigawo ca Kum'mawa ndi Chipata, mzinda umene kale unachedwa Fort Jameson. Ku Nigeria ndi ku America cigawo ciri conse ciri ndi nyumba yace ya malamulo, koma m'Zambia si tero ai. Nduna ya cigawo isankhidwa ndi Pulezidenti, ndipo bwalo losankhidwa ndi anthu limene liri pafupi ndi mudzi ndilo khonsolo.

Njira yoyamba imene anthu alankhulira ndi Boma ndi masankho. Acitika zaka zisanu ziri zonse, pa Lacinai laciwiri la mwezi wa August. Mzika ya Zambia ya zaka 18 kapena kuposa, imene iri ndi citupa ca dziko ndi khadi la voti, isankha Pulezidenti, membala wa Nyumba ya Malamulo, meya kapena wapampando wa khonsolo, ndiponso khansala wa wadi yace. Kuyambira 2016, wofuna kukhala Pulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka la mavoti onse. Munthu alemba cizindikiro cace ali yekha, kotero kuti ngakhale mfumu kapena mwamuna wace sangadziwe amene wamsankha. Katatu, mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, cipani colamulira cinacotsedwa ndi mavoti, ndipo cinacoka popanda nkhondo. Alipo ena amene agulitsa voti yao ndi citenje kapena thumba la mcere. Citenje cing'ambika mvula isanathe, koma wosankhidwayo akhala pa mpando zaka zisanu.

Tsono masankho abwera kamodzi pa zaka zisanu, pamene malamulo apangidwa caka ndi caka. Lamulo lisanakhale lamulo lichedwa Bilu. Bilu iwerengedwa koyamba m'Nyumba, ndipo pamenepo itumizidwa ku kabungwe ka mamembala owerengeka kuti akaione bwino. Apa mpamene pali khomo lotseguka limene anthu ambiri salidziwa. Kabungweko kaitana anthu kuti apereke maganizo ao, ndipo alimi, aphunzitsi, amalonda a pa msika ndi mipingo angathe kulemba kalata kapena kupita okha kukanena cimene ciwabvuta m'Biluyo. Kabungwe kabwezera mau amenewa ku Nyumba yonse. Mamembala akambirana pa kuwerenga kwaciwiri, nakonza ndime zolakwika, ndipo Bilu ikapambana pa kuwerenga kwacitatu ipita kwa Pulezidenti kuti aisaine. Kusintha Malamulo Akulu a dziko nkobvuta koposa, pakuti kufuna mamembala awiri mwa atatu ali onse. Mu October 2020 Bilu yochedwa Bill 10, imene anthu anakangana nayo miyezi yambiri, inapeza mavoti 105 pamene inafunika 111, ndipo inagwa.

Nthawi zina anthu alankhula ndi Boma kunja kwa Nyumba. Mu 2001 kunamveka kuti ena afuna kusintha Malamulo Akulu kuti Pulezidenti Frederick Chiluba aimenso kacitatu, ngakhale lamulo linalola kawiri kokha. Mipingo, maloya ndi mabungwe a azimai anagwirizana m'bungwe lochedwa Oasis Forum. Anthu anabvala tinsaru tobiriwira pa cifuwa, ndipo oyendetsa magalimoto analiza mabelu m'miseu. Nkhani ya kacitatuyo inatha, ndipo pa masankho a caka cimeneco dziko linasankha Levy Mwanawasa.

Nanga ulalo uja? Anthu ambiri alakwa posadziwa khomo loyenera kugogoda. Apita kwa membala wa Nyumba ya Malamulo kukapempha bokosi la maliro kapena ndarama za sukulu, nakondwa akapatsidwa, osamfunsa konse zimene ananena ku Manda Hill. Nchito yace yeniyeni ndiyo kunena mabvuto a dera lace m'Nyumba, kufunsa nduna mafunso, ndi kuyang'anira ndarama za anthu. Zitsime, misika, zinyalala ndi tinjira ta kumidzi ziri m'manja mwa khonsolo, ndipo woyamba kuuzidwa ndiye khansala.

Boma lipatula ndarama za citukuko ca dera liri lonse la membala, zochedwa CDF. Mu 2021 madera anali 156, ndipo liri lonse linapatsidwa K1.6 miliyoni, mu 2022 ndaramazo zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni. Ndi ndarama zimenezi amanga zipinda za sukulu, tizipatala ndi maulalo, agula madesiki, ndiponso alipirira ana osauka sukulu yogonera komweko. Wadi iri yonse iri ndi kabungwe ka citukuko, momwe mukhala anthu osankhidwa ndi anzao a m'midzi. Pempho la mudzi liyambira m'kabungwe kameneka, ndipo lipita ku kabungwe ka dera lonse kamene kasankha nchito zoyamba kugwiridwa. Cifukwa cace mudzi umene anthu ace safika ku misonkhano ya wadi utsalira m'mbuyo, pamene mudzi wa tsidya lina ulandira citsime.

Mafumu naonso ali ndi mbali yao. Mfumu ya mudzi ndiyo iitana msonkhano, ndipo mau ace afika kwa mfumu yaikulu, monga Kalonga Gawa Undi kwa Acewa kapena Mpezeni kwa Angoni. Mu Lusaka muli Nyumba ya Mafumu, momwe mukhala mafumu asanu a cigawo ciri conse, kulangiza Boma pa za miyambo ndi malo.

Ndarama zikatuluka, nchito ya anthu sinathe. Caka ciri conse Mkulu Wowerengera Ndarama za Boma alemba lipoti loonetsa ndarama zimene zinaonongeka, ndipo mu December 2023 kunasainidwa lamulo lopatsa mzika ufulu wofunsa maofesi a Boma kuti aonetse zolembedwa zao. Anthu a pa mtsinje paja angathe kufunsa kuti ulalo wao unapatsidwa ndarama zingati, womanga ndani, ndipo adzatsiriza liti. Kalata yofunsa zimenezi iyenera kukhala yaifupi ndi yaulemu, yochula dzina la mtsinje, tsiku limene ulalo unagumuka, ndi ciwerengero ca ana amene aleka sukulu. Isainidwe ndi anthu ambiri, mfumu ya mudzi poyamba. Mlembi asunge kalata ina yofanana nayo, alembepo tsiku limene anapereka ndi dzina la amene analandira, kuti pakapita mwezi popanda yankho apite nayo ku msonkhano wa khonsolo.