Tisataye Mafuta a Ng'ombe

Tikapha ng'ombe, mafuta ake akazizira amalimba n'kuyera. Chimene chimawalimbitsa chimatchedwa sitearini.

Sitearini ndi zinthu ziwiri zolumikizana: giliserini ndi asidi wa mafuta. Asidiyu sasungunuka msanga, amafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 70. N'chifukwa chake kandulo yake siifewa m'nyengo yotentha. Chevreul, wa ku France, ndiye anasonyeza njira yopangira kandulo zotere mu 1825.

Tikaphika mafutawa ndi soda wa sopo, ziwiri zija zimalekana. Asidi amagwirana ndi soda, ndipo timapeza sopo wolimba. Chidulo cha phulusa chimapereka sopo wofewa.

Tisamale: soda amawotcha khungu ndi maso. Timubise kutali ndi ana.

Tisonkhanitse mafuta, tipange sopo wathu. Kusamba m'manja ndi sopo kumatiteteza ku matenda otsegula m'mimba.