Kodi Nkhokwe ya Makompyuta a Pakhomo Ikule Bwanji?

Mlimi akafuna kumanga nkhokwe sayeza kukula kwa munda wake. Amayang'ana chimanga chimene wakolola, naganiziranso za zokolola za chaka chamaŵa. Nzeru yomweyo ifunika pakhomo pamene pali makompyuta aŵiri kapena atatu, eni ake nafuna kugula disiki yapadera yosungiramo makope a zonse zimene zili m'makinawo. Cholinga chake nchakuti tsiku limene kompyuta idzafe, kubedwa, kapena kupsa ndi mphenzi m'dzinja, zithunzi za ukwati ndi maakaunti a malonda zisapite nayo limodzi.

Chofunika kuŵerenga poyamba ndi malo amene adzaza kale, osati kukula kwa disiki ya m'kompyuta iliyonse. Mwachitsanzo, banja lina lili ndi makompyuta atatu. M'kompyuta ya bambo muli magigabayiti 120. Mwa mayi, momwe muli maakaunti a golosale, 60. Mwa mwana wa kukoleji 320, pakuti mafilimu amadya malo ngati anankafumbwe. Zonse pamodzi zikwana magigabayiti 500.

Tsono disiki ya magigabayiti 500 siyingakwanire banja limeneli, ndipo apa mpamene ambiri amapunthwa. Mapulogalamu osunga makope, monga Time Machine imene Apple inatulutsa mu 2007 ndi File History imene inabwera ndi Windows 8 mu 2012, amasunga fayilo monga iliri lero, komanso monga inaliri dzulo, sabata yatha ndi mwezi watha. Phindu lake limaoneka pamene munthu wazindikira mochedwa kuti anafufuta kalata yofunika masabata atatu apitawo. Disiki ikadzaza, Time Machine imayamba kutaya makope akale kuti atsopano apeze malo, kotero kuti disiki yaing'ono imakumbukira masiku oŵerengeka chabe. Nchifukwa chake chiŵerengero chija chiyenera kuchulukitsidwa kaŵiri kapena katatu. Katatu ndiye kabwino, ndipo 500 uja asanduka 1,500. Poonjezapo zithunzi za zaka zikudzazo, banjali ligule disiki ya materabayiti 2.

Wogula asadabwe akafika kunyumba naona kuti Windows ikuonetsa malo ochepa. Disiki yolembedwa terabayiti 1 imaoneka ngati magigabayiti 931, ya materabayiti 2 pafupifupi 1,860. Wam'sitolo sanabe kanthu: opanga amaŵerenga m'magulu a 1,000, pamene kompyutayo imaŵerenga m'magulu a 1,024.

Ena amasankha kabokosi kotchedwa NAS, kamene makompyuta onse a m'nyumba amatumizako makope popanda kuyendayenda ndi disiki. Kakakhala ndi madisiki aŵiri okoperana, malo ake ndi a disiki imodzi yokha: aŵiri a materabayiti 4 amapereka 4, osati 8. Winayo ali pamenepo kudikira tsiku limene mnzake adzafe.

Komabe nkhokwe imodzi, ngakhale ikule chotani, ili pansi pa denga lomwelo ndi makompyuta. Moto, mbala, ndi mapulogalamu achifwamba otseka mafayilo kuti mwini alipire dipo, monga WannaCry wa mu 2017, angathe kutenga zonse usiku umodzi. Choncho ndalama zogulira disiki imodzi yaikulu koposa zili bwino kuzigaŵa paŵiri, pagulidwe madisiki aŵiri a materabayiti 2. Imodzi ikhale pakhomo, inayo kwa mbale wokhulupirika, ndipo azisinthanitsidwa mwezi uliwonse.